Za agogo a pa Friendship Bench

Achemwali, mwafunsa ngati kukhala pabenchi ndi agogo kuchipatala kungathandizedi mlamu wanu amene akuvutika maganizo, kapena ndi macheza chabe. Ine ndinganene kuti apite, chifukwa njirayi, yotchedwa Friendship Bench, imene agogo ophunzitsidwa uphungu amakambirana ndi munthu za mavuto ake pabenchi, inayesedwa bwinobwino konkuno ku Harare.

Anaiyambitsa ndi Dr Dixon Chibanda ku Mbare, dera la mu Harare, ndipo zotsatira za kafukufuku wake zinatuluka mu magazini ya madokotala ya JAMA mu 2016. Anatenga zipatala zing'onozing'ono 24 za mumzinda muno ndi anthu 573. Zipatalazo anazigawa pawiri mwa maere, kuti pasakhale kusankha mokondera. Kwina odwala anakumana ndi mlangizi pabenchi kasanu ndi kamodzi, kwina analandira chithandizo cha nthawi zonse pamodzi ndi kufotokozeredwa za matendawo. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, amene anali akadali ndi zizindikiro za matenda a maganizo anali pafupifupi 14 pa 100 alionse kwa a pabenchi, koma pafupifupi 50 pa 100 kwa enawo.

Gulu loyerekezera lija, la amene sanapite pabenchi, ndilo lofunika kwambiri. Anthu ena amapeza bwino paokha pakapita nthawi, ndiye umboni wakuti "uje anachira" sukwanira. Muzifunsanso funso lomweli kwa ogulitsa mabotolo a zitsamba ku Mbare Musika: munayerekezera ndi ndani?

Dziwaninso kuti ambiri mwa oyesedwawo anali amayi, ndipo anawatsatira kwa miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ngati mlamu wanuyo akutchula zodzipha, musadikire benchi ayi, mupite nawo kwa namwino kapena dokotala lero lomwe.