Yambani ndi HTML, zinazo zidikire kaye

Achimwene, mwafunsa kuti muyambire pati pophunzira kupanga masamba a pa intaneti, popeza ena akukuuzani JavaScript pomwe ena akuti ingotengani WordPress. Ine ndikuti zonsezo zidikire. Yambani ndi HTML, ndipo muzilemba nokha, osakopera za ena.

HTML siwerengera masamu. Ntchito yake ndi kuuza Chrome kapena Firefox kuti uwu ndi mutu wa nkhani, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi, apa munthu akadina apite kutsamba lina. Anaiyambitsa ndi Tim Berners-Lee ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva, ndipo chikalata chake cha mu 1991 chinali ndi matagi 18 okha (tagi ndi kachizindikiro kolembedwa pakati pa < ndi >, kosonyeza chimene chinthu chili pa tsamba). Lero alipo oposa 100, koma amene muzikumana nawo tsiku ndi tsiku ndi ochepa: h1, h2, p, a, img, ul ndi li.

Poyamba simufunika bando ngakhale pang'ono. Tsegulani Notepad, pulogalamu yolembera ya pa Windows, lembani <h1>Golosale ya kwathu</h1>, pansi pake <p>Timatsegula 7 koloko m'mawa</p>. Sungani failoyo ndi dzina lakuti index.html, kenako idineni kawiri. Mwapanga tsamba basi. Mukaona kuti matagi aja akuoneka pa sikirini monga munawalembera, onani dzina la failo, chifukwa Notepad imakonda kuwonjezera .txt kumapeto. Posunga muzisankha All Files. Mukazolowera, samukirani ku mapulogalamu olembera makodi monga VS Code kapena Notepad++, zonse n'zaulere.

Pali mizere ingapo imene ongoyamba amailumpha chifukwa sioneka pa tsamba. Pamwamba penipeni pakhale <!DOCTYPE html>. Mu head, gawo lakumayambiriro kwa failo, muikemo <meta charset="utf-8">, apo ayi ŵ wa mu Malaŵi atha kutuluka ngati zizindikiro zosawerengeka. Ngati tsambalo ndi la Chichewa, lembani lang="ny" pa tagi ya html. Musaiwalenso meta ya viewport, imene imauza foni kuti iyeneretse tsamba ndi sikirini yake. Popanda iyo, pa foni mawu amakhala ang'onoang'ono mpaka munthu kumatambasula ndi zala.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse bwino. Tagi muziisankha potengera chimene chinthucho chili, osati mmene mukufunira kuti chioneke. Musaike h1 pongofuna mawu akuluakulu. Kukula kwa mawu, mitundu ndi kakonzedwe ka tsamba ndi ntchito ya CSS, imene inavomerezedwa mu 1996 kuti ziwirizi zisasakanikirane. Munthu wosaona amagwiritsa ntchito pulogalamu yomuwerengera tsamba mokweza, ndipo amalumpha kuchoka pa mutu wina kupita pa wina. Mitu ikakhala yosokonekera, amasochera. Chithunzi chilichonse chofunika chikhale ndi alt, mawu ochepa ofotokoza chimene chilipo. Mawu omwewo ndi amene amaoneka netiweki ikavuta chithunzi n'kukana kutseguka.

Samalani ndi maphunziro akale. Mukaona akukuphunzitsani font kapena center, asiyeni, matagi amenewo anathetsedwa. W3C, bungwe loika malamulo a masamba a pa intaneti, inavomereza HTML5 mu 2014, ndipo ndi imene muyenera kuphunzira. Za XHTML, mtundu wina wa HTML, zisakuvutitseni panopa. Markdown, njira yachidule yolembera mitu ndi ndime imene John Gruber anatulutsa mu 2004, mudzaiphunzira madzulo amodzi mukafika pa GitHub, malo osungirako makodi pa intaneti.

Kophunzirira ndingakuuzeni kuwiri: freeCodeCamp ngati mukufuna kulemba n'kumaona zotsatira pompo, ndi MDN Web Docs ya Mozilla mukafuna kudziwa zoona zake za tagi iliyonse. Mavidiyo amadya bando, komanso amakunamizani kuti mwadziwa pamene mwangoonerera. Pa kompyuta, dinani Ctrl+U pa tsamba lililonse kuti muone mmene analilembera.

Sankhani chinthu chenicheni, kaya ndi shopu ya m'bale wanu kapena kwaya ya kutchalitchi, mupange masamba atatu olumikizana ndi tagi ya a. Muwaike pa validator.w3.org kuti ikuonetseni zolakwika. Ikasiya kudandaula, yambani CSS, ndipo masambawo muwakweze pa GitHub Pages kwaulere, mutitumizire linki tiwaone pa mafoni athu.