Mwana wafooka m'mawa ali pa Bactrim: kodi ndi mankhwalawa?

Mayi wina wa ku Chibavi wanditumizira imelo. Mwana wawo wa zaka ziwiri akumwa Bactrim chifukwa cha chifuwa. Tsiku lachitatu m'mawa anamupeza atafooka, thupi lozizira koma thukuta lili kamukamu, osayankha akamuitana. Atamumwetsa tiyi wa shuga wambiri, mwana anatsitsimuka n'kuyamba kulira. Akufunsa ngati ndi mankhwalawa atsitsa shuga m'magazi mwake, komanso ngati awasiye.

Amayi, tiyi uja munaganiza bwino. Zomwe mwafotokozazi n'zizindikiro zenizeni za kutsika kwa shuga, ndipo si nkhani yoitenga mopepuka, chifukwa ubongo wa mwana umadalira shuga. Akatsika kwambiri mwana amakomoka, mwinanso kugwa linjirinjiri.

Inde, alipo mankhwala opha tizilombo amene amachita zimenezi. Bactrim, amene dzina lake lina ndi cotrimoxazole, ali ndi mbali ina yofanana ndi mapiritsi ena a matenda a shuga, moti nthawi zina amachititsa thupi kutulutsa insulin wochuluka, chinthu chimene chimatsitsa shuga m'magazi. Sizichitika kawirikawiri, koma chiopsezo chimakula mwana akakhala wonyentchera, impso zikamavuta, kapena muyezo ukapyola. Ciprofloxacin ndi anzake a gulu lake nawonso amatero, mpaka mu 2018 bungwe loona za mankhwala la FDA ku America linakhwimitsa chenjezo lake pa iwo. Ku Japan, mu 2012, akuluakulu a zamankhwala anachenjeza za cefditoren pivoxil ndi ena ofanana naye, amene amamaliza carnitine m'thupi mwa ana aang'ono, chinthu chothandiza thupi kupeza mphamvu kuchokera ku mafuta. Kwinini, ngakhale ndi wa malungo, mbiri yake ndi yomweyi.

Koma ine mtima wanga uli pa funso lina: mwanayu anadya chiyani madzulo ake? Mwana wodwala amakana phala, amalawa supuni ziwiri n'kutembenuza mutu. Ife timati msiyeni agone, adya mawa. Chiwindi cha mwana n'chaching'ono, nkhokwe yake ya shuga sichedwa kutha. Onjezani kutentha thupi, kusanza kapena kutsegula m'mimba, ndi kuzizira kwathu kuno ku Mzuzu komwe kumamudya mphamvu usiku wonse. Kukamacha nkhokwe yatheratu. Malungo nawonso amatsitsa shuga paokha, n'chifukwa chake sindingaloze chala botolo la mankhwala mwana asanayezedwe.

Zikachitikanso, ngati akuyamwa muyamwitseni pomwepo. Ngati akutha kumeza, sungunulani masupuni a tiyi anayi a shuga, osasefukira, m'kapu ya madzi oyera ya 200 ml, mumumwetse pafupifupi 50 ml. Akakhala kuti wakomoka musamuthire chilichonse m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali, nyowetsani shuga pang'ono mumuike pansi pa lilime, kenako thamangani naye ku chipatala, ngakhale pa kabaza. Uchi ayi kwa mwana wosakwana chaka.

Za kusiya mankhwala, musaweruze nokha kunyumba, koma musapitirizenso mwakachetechete. Pitani lero lomwe ku chipatala cha Mapale kapena cha Mzuzu Central musanamupatse muyezo wotsatira. Tengani botololo, kasupuni kapena kachivindikiro komwe mumayezera, ndi buku lake lakuchipatala. Pemphani amubaye chala ayeze shuga ndi malungo. Shuga wosafika 2.5 mmol/L ndi wotsika, ndipo kwa mwana wonyentchera kwambiri malire ndi 3. Adokotala akaona kuti vuto ndi Bactrim, ena alipo oti asinthe. Izi n'zofunika kwambiri kwa makanda obadwa kwa amayi omwe ali ndi HIV, amene amayamba Bactrim ali ndi masabata 6 kuti awateteze ku chibayo choopsa. Kuwasiyitsa popanda uphungu n'kuwaika pangozi.

Usiku uno asagone ndi njala, ngakhale atadya timasupuni tochepa ta phala lotsira nsinjiro kangapo. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha mudzutseni, mumukhudze pamphumi, mumupatsenso kena kake.