Chifukwa chake asidi wa batire wadya chingwe cha nayiloni

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji chingwe chanu cha nayiloni chinanyenyeka chitathiridwa asidi wa batire, pomwe petulo ndi thina sizinachichite kanthu.

Ulusi wa nayiloni ndi timaunyolo tating'onoting'ono tambirimbiri, ndipo timaunyoloto timakokana mwamphamvu pa mfundo zotchedwa amide. Petulo, parafini, ngakhale acetone yochotsera utoto wa m'zikhadabo, sizitha kulowa pakati pa mfundozi n'kuzilekanitsa. Asidi ndiye amatha. Mwachitsanzo, asidi wina wotchedwa formic acid wa 90 peresenti amasungunula nayiloni osatenthetsa n'komwe: kansalu kamayamba kufewa, kenako kamanata, posakhalitsa kasanduka madzi olemerera ngati manyuchi. Mankhwala ena otchedwa phenol ndi m-cresol nawonso amatero. N'chifukwa chake oyesa nsalu amagwiritsa ntchito formic acid posiyanitsa nayiloni ndi poliyesitala, poti poliyesitala imatuluka m'menemo ili yosasintha.

Asidi wa batire uja ndi sulphuric acid, ndipo ngwoipirapo. Sangolekanitsa timaunyolo, amatiduladula, moti mphamvu ya chingwe sibwereranso ngakhale mutachichapa bwanji. Choopsa n'chakuti nthawi zina kunja chimaoneka bwinobwino.

Chingwecho musamangirenso katundu pa galimoto, tayani basi. Chatsopanocho muzisunga kutali ndi batire.