Tifunseni: Mwana wopulupudza, ubongo wake ndi milandu

Mwana wanga wa zaka 13 anadwala malungo aakulu ali ndi zaka 4, mpaka anakomoka masiku awiri. Chidwalireni sakhazikika, sachedwa kupsa mtima, ndipo Sitandade 4 wabwereza kawiri. Posachedwa anamugwira ndi foni yakuba imene akuti anamupatsira anyamata akuluakulu. Achibale akuti bambo ake anamukhwimira. Kodi n'kutheka kuti ndi malungo aja? — Mayi wodandaula, Machinga

N'kutheka ndithu, mayi, ndipo umboni wake ndi wa konkuno. Madokotala ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2010. Ana 12 anayamba khunyu, 14 anayamba kupulupudza, ukali ndi kusamvera kopyola muyeso. Mwa ana 264 amene anawayerekeza nawo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi mavuto awiriwa. Za kukhwima zisiyeni, zingopasula banja mwana osathandizika.

Mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi ndiyo mabuleki a munthu: imamuimitsa kuti ayambe waganiza asanachite. Imakhwima mochedwa mwa aliyense, cha m'ma zaka 25. Ikavulala ndi malungo, kubanika pobadwa, kumenyetsa mutu kapena mowa umene mayi anamwa ali woyembekezera, mwana amadziwa bwinobwino kuti kuba n'kulakwa, koma dzanja limafika maganizo asanafike. Ana ena amabadwa choncho popanda matenda alionse, makamaka ngati kumtundu kuli ena otero. Achipatala vutoli amalitchula ADHD.

Matendawo paokha sapanga mwana kukhala mbava. Chimachitika n'chakuti m'kalasi ya ana 100 iye amakanika kukhala pansi, amalandira chibalo tsiku ndi tsiku, amabwereza, kenako amayamba kujomba n'kumaswera pamsika. Kumeneko akuluakulu amamukonda chifukwa savuta kutuma, ndipo zikavuta wogwidwa amakhala iyeyo, eniake atathawa kalekale.

Yambirani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu, mupemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala wa za maganizo. Tengani mabuku ake onse a kuchipatala, ngakhale ong'ambika, ndi kalata ya aphunzitsi yofotokoza mmene amachitira m'kalasi, chifukwa ADHD saigamula ngati khalidwelo likuoneka malo amodzi okha. Musanapite, kwa masabata awiri muzilemba chimene chinachitika asanakwiye, nthawi yake, ndi maola amene anagona. Amuyeze makutu ndi maso: mwana wosamva bwino amatengedwa ngati wamwano. Nenaninso ngati nthawi zina amangoti maso tong'o kwa kamphindi, osayankha, mwina akutafuna mkamwa mulibe kanthu. Khunyu lina siligwetsa munthu. Ngati akumwa kale mankhwala a khunyu a phenobarbital, auzeni adokotala, chifukwa mankhwalawa amawonjezera kupulupudza mwa ana ena, koma musamusiyitse nokha: kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa kukomoka koopsa. Zikafunika adzakutumizani ku Zomba Mental Hospital, ku Queen Elizabeth, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Kunyumba muzimutuma chinthu chimodzi pa nthawi, mukumuyang'ana, ndipo abwereze zimene mwanena. Akachita bwino muyamikireni pomwepo. Akalakwa, chilango chikhale chachifupi ndi cha nthawi yomweyo, monga kumuletsa mpira madzulo amenewo. Mkwapulo wa mawa pa cholakwa cha lero saugwirizanitsa, amangophunzirapo kunama ndi kuthawa pakhomo.

Pa za mlanduwo, zaka zake n'zofunika. Malamulo a dziko lino sazenga mlandu mwana wosakwana zaka 10, ndipo wosakwana zaka 14 pamafunika umboni woti ankazindikira kuti zimene akuchitazo n'zosayenera. Lipoti la dokotala lipite kubwalo.

Mwana wa mchemwali wanga wa zaka 16 anavomera kupolisi kuti anathyola nawo golosale, koma usiku umenewo anagona kwathu. Ndi mwana wofatsa, wochedwa kumva zinthu. Munthu angavomere bwanji zimene sanachite? — Malume, Kasungu

Zimachitika kawirikawiri, amalume. Lipoti la mu 2012 la Children's Commissioner, mkulu woyang'anira ufulu wa ana ku England, linasonyeza kuti pakati pa achinyamata osungidwa chifukwa cha milandu, 60 mpaka 90 mwa 100 alionse ali ndi vuto lomvetsa kapena kufotokoza mawu, pamene mwa ana wamba ndi 5 mpaka 7 okha. Mwana wotere amabisa kusamvetsa kwake ndi "eya". Mukamufunsa kuti "unali komweko, si choncho?" amavomera kuti mafunso athe apite kwawo. Amasokonezanso dzulo ndi dzana, ndiye amaoneka ngati wabodza. Ambiri amene ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lovutitsa kucheza ndi kulankhulana ndi anthu, amapewa kuyang'ana munthu m'maso, ofunsawo n'kumati akubisa kanthu.

Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limafuna kuti mwana akamangidwa, makolo kapena womuyang'anira adziwitsidwe, ndiponso asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu. Wogwidwa ayenera kuonekera kubwalo pasanathe maola 48. Funsani kuti pamene ankavomerapo panali ndani, ndipo anamuwerengera zimene zinalembedwa asanasaine kapena ayi. Pitani ku ofesi ya social welfare paboma, muwauze za mbiri yake: anayamba liti kuyenda ndi kulankhula, wabwereza makalasi angati. Iwo ndi amene amalemba lipoti lopita ku bwalo la ana. Loya waulere mumupeza ku Legal Aid Bureau, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana.

Chenjerani ndi chimodzi. Pali njira yothetsa mlandu wa mwana popanda kuzengedwa, monga kupepesa, kubweza katundu kapena kulandira uphungu, ndipo ndi yabwino kuposa kutumizidwa ku malo osungira ana olakwa a ku Mpemba kapena ku Chilwa. Koma imagwira ntchito mwana akavomera yekha kulakwa, mosaumirizidwa. Musamukakamize kuvomera pongofuna kuti nkhani ithe msanga.

Pomufunsa inuyo, nenani kuti "ndiuze zimene unachita utadya nsima", musamuyambire yankho.

Ndimva kuti pali mankhwala okhazika ana otere pansi. Kodi amaletsadi kupalamula? — Mphunzitsi, Mulanje

Amathandiza ena, aphunzitsi. Ku Sweden anaunika anthu oposa 25,000 a ADHD, ndipo mu 2012 anapeza kuti miyezi imene ankamwa mankhwala, milandu inkatsika ndi 32 peresenti mwa amuna ndi 41 mwa akazi. Odziwika kwambiri ndi methylphenidate. Amalembedwa ndi katswiri yekha, sapezekapezeka kuno, ndipo amachepetsa chilakolako cha chakudya ndi tulo, choncho mwana amafunika kumuyeza sikelo ndi kuthamanga kwa magazi pafupipafupi. Saphunzitsa kuwerenga, ndiponso sakonza ubongo umene unawonongeka ndi mowa m'mimba. Vuto la mowali si laling'ono: pa malo osungira ana olakwa a Banksia Hill ku Australia, mwa achinyamata 99 amene anayezedwa, 36 anapezeka nalo.

Chimene chili m'manja mwanu ndi kumusunga pasukulu. Akhale kutsogolo, kutali ndi zenera. Ntchito mugawe m'zigawo za mphindi 10, ndipo muzimutuma kufufuta bolodi kapena kugawa makope kuti adzuke ndi chilolezo chanu asanadzuke yekha. Dzina lake lipite kwa mphunzitsi wa ana olumala wa m'zoni yanu kudzera kwa a PEA, alangizi a maphunziro a m'zonimo. Akajomba masiku atatu otsatizana, tumizani uthenga kwa makolo tsiku lachitatu lomwelo.