Bwato la mwana wanu "lagunda" linzake: si ngozi, mayi, ndi mpikisano wa zaka 200

Mayi ena a ku Nkhotakota anditumizira imelo yomwe ndaona kuti ndi bwino kuiyankha poyera. Mwana wawo wamkazi anapita kukachita maphunziro a chaka chimodzi ku yunivesite ya Oxford ku England, ndipo atangofika analowa kalabu yopalasa bwato ya pa koleji yake. Tsiku lina anaimba foni akusangalala kwambiri, n'kunena kuti bwato lawo lagunda bwato la koleji ina. Mayiwo, omwe anakulira m'mphepete mwa nyanja ndipo amadziwa kuti kugundana kwa mabwato kumabweretsa maliro, sanagone usiku umenewo. Akufunsa ngati mwanayo ali pachiopsezo, ngati mpikisano wake ndi womwe uja wa Oxford ndi Cambridge umene umaonetsedwa pa wailesi yakanema, komanso chifukwa chake anthu ophunzira angakondwere ndi kuombana pamadzi.

Mayi, ndiyambe ndi bwato lenilenilo, chifukwa mukamva mawu akuti bwato mwina mukuona la mtengo wosema limene asodzi amapita nalo ku usipa. La mwana wanu ndi lalitali pafupifupi mamita 18, koma ndi lopyapyala moti munthu mmodzi yekha ndiye amakwana m'mimba mwake. Opalasa asanu ndi atatu amakhala mondondozana, aliyense ndi nkhafi imodzi yaitali yomangiriridwa m'mbali mwa bwato, ndipo amakhala pa timipando toyenda pa timatayala kuti mphamvu zambiri zichokere m'miyendo osati m'manja. Chodabwitsa kwa ife n'chakuti onsewo amafulatira kumene akupita. Amene amaona kutsogolo ndi munthu wachisanu ndi chinayi yekha, amene amakhala kumchira kwa bwato atagwira zingwe za chiwongolero, ndipo iwo amamutcha cox. Kawirikawiri amasankha wochepa thupi koma wa mawu amphamvu. Stephen Hawking, katswiri wa sayansi uja amene anthu amamukumbukira ali pa njinga ya olumala, anali wowongolera bwato la University College ku Oxford asanayambe kudwala.

Kugundako kunayamba chifukwa cha kuchepa kwa mtsinje. Mtsinje wa Thames, umene pa Oxford amautcha Isis, ndi wopapatiza ndiponso wokhotakhota, ndipo mtsinje wa Cam ku Cambridge ndi wopapatiza kuposa pamenepo. Makoleji a yunivesite ya Oxford alipo oposa 30, ambiri mwa iwo ali ndi mabwato angapo a amuna ndi a akazi, choncho n'zosatheka kuwaimika onse pamzere umodzi mopingasa monga amachitira othamanga pabwalo. Ophunzira a kale anapeza njira yowandandalika motsatana m'mphepete mwa gombe, bwato lililonse kutalikirana ndi linzake mtunda wa utali wa bwato limodzi ndi theka. Wowongolera aliyense amagwira chingwe chomangidwa kumtunda kuti bwato lisachoke pamalo pake, ndipo mzinga ukalira komaliza amataya chingwecho, onse n'kuyamba kupalasa nthawi imodzi. Cholinga cha bwato lililonse ndi kukhudza lomwe lili patsogolo pake lisanakhudzidwe ndi lomwe likubwera pambuyo. Kukhudzako n'kumene amati bump, ndipo ndi kumene mwana wanu anakumasulirani kuti kugunda. Nthawi zambiri mphuno ya bwato, yomwe imakhala ndi kampira kofewa kunsonga, imangokhudza mchira kapena chiwongolero cha linalo, ndipo wowongolera wanzeru akaona kuti wapezedwa amakweza dzanja kuvomera kugonja zinthu zisanafike poswa bwato.

Ndinaonererapo mpikisano umenewu nditaima pagombe pakati pa Iffley Lock, pomwe amayambira, ndi Folly Bridge, cha komwe amathera. Miniti yomaliza mzinga usanalire pamakhala bata loti mukhoza kumva madzi akunyambita nkhafi, ndipo aphunzitsi awo amakankhira mabwato pakati pa mtsinje ndi mitengo yaitali. Mzinga ukangolira, bata lonse limasanduka chiphokoso cha makhwilu, mabelu ndi anthu othamanga m'kanjira ka m'mphepete akukuwa dzina la koleji yawo. Ndinaona bwato lina litatsala pang'ono kugunda linzake, mtsikana mmodzi nkhafi yake n'kukodwa m'madzi, chogwirira chake n'kumumenya pamimba mpaka kumugoneka chagada. Iwo amati wagwira nkhanu. Bwato lonse linaima, ndipo amene ankathamangitsa anzawo ndi amene anagundidwa ndi a pambuyo pawo.

Chimene chimapatsa mpikisanowu kulemera kwake, ndiponso chimene ndikuganiza kuti chinamusangalatsa mwana wanu, ndi lamulo la malo oyambira. Mpikisano umatenga masiku anayi. Bwato likagunda linzake, mawa lake awiriwo amasinthana malo, ndipo mndandanda umene watuluka pa tsiku lachinayi ndi womwe adzayambire nawo chaka chamawa. Palibe chaka chimene amafufuta zonse n'kuyambanso. Ophunzira amamaliza maphunziro n'kupita, ena atsopano n'kubwera, koma bwato la koleji limayambira pomwe analisiya a chaka chatha, monga munda wa makolo umene mwana amaupeza uli ndi chonde kapena utaguga malinga ndi mmene anaulimira amene anamutsogolera. Taganizani za bwato lomwe lili pa nambala 10. Likamagunda tsiku lililonse osalephera, nthawi zambiri limakwera malo anayi okha pachaka, ndiye kuti lidzafika pa nambala 1 m'chaka chachitatu, mwana wanu atabwerera kale kumudzi. Malo amodzi amene anakwera tsiku lija adzawadyera ndi anthu amene sanawaonepo, ndipo bwato la pamwamba pa onse, limene amalitcha Head of the River, limakhala litanyamulidwa ndi mibadwo ingapo ya ophunzira.

Mndandanda wa ku Oxford umalondoledwa kuchokera mu 1815, pamene mabwato a Brasenose College ndi Jesus College anapikisana kuchokera ku Iffley, Brasenose n'kupambana. Ku Cambridge mipikisano yotereyi inayamba mu 1827, patangopita zaka ziwiri ophunzira a St John's College atakhazikitsa Lady Margaret Boat Club mu 1825. Miyambo yomwe yamera pa zaka zonsezi ndi yambiri, ndipo ina ndi yoseketsa. Gulu lomwe lagunda masiku onse anayi limapatsidwa ufulu wokhala ndi nkhafi yolembedwa mayina a opalasa onse ndi mayina a makoleji amene linawagunda, ndipo nkhafi zotere mumazipeza zitapachikidwa pamakoma a nyumba za madokotala ndi maloya okalamba. Gulu lomwe lagundidwa masiku onse anayi limati lapata masipuni. Ku Cambridge amene agunda amathyola masamba a m'mphepete mwa mtsinje n'kuwasomeka m'tsitsi pobwerera, kuti oonerera adziwe popanda kufunsa, ndipo m'makoleji ena amene afika pa nambala 1 amawotcha bwato lakale pabwalo la koleji usiku wa chikondwerero. Mwambo womalizawu, kunena zoona, umandiwawa mumtima ndikakumbukira mtengo wa thabwa limodzi kwa mmisiri wa mabwato kwathu.

Chaka chawo chimayenda motsatira materemu atatu. Teremu yoyamba, kuyambira Okutobala, ndi ya kuphunzitsa atsopano, ndipo ambiri amene amapalasira makoleji amakhala asanagwirepo nkhafi asanafike ku yunivesite. Teremu yachiwiri ku Oxford imathera ku mpikisano wa Torpids, chakumapeto kwa Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, nthawi imene ku Cambridge kumachitika Lent Bumps. Mpikisano waukulu ndi wa teremu yachitatu, umene ku Oxford ndi Summer Eights chakumapeto kwa Meyi, pamene ku Cambridge ndi May Bumps, womwe ngakhale uli ndi dzina la mwezi wa Meyi umachitika mu Juni. Malamulo amasiyana pang'ono: pa Summer Eights wogunda ndi wogundidwa onse amapatukira kugombe, koma pa Torpids wogundidwa amapitiriza kupalasa ndipo akhoza kugundidwanso kangapo tsiku lomwelo.

Mpikisano umene munauona pa wailesi yakanema ndi wina. Uwo ndi Boat Race, wa yunivesite yonse ya Oxford ndi yunivesite yonse ya Cambridge, mabwato awiri okha oyenda moyandikana pa Thames mumzinda wa London, kuchokera ku Putney kukafika ku Mortlake, mtunda wa makilomita 6.8. Unayamba mu 1829 ku tawuni ya Henley, atautsana anyamata awiri omwe anaphunzira limodzi pa sukulu ya Harrow, Charles Merivale wa ku Cambridge ndi Charles Wordsworth wa ku Oxford, ndipo Oxford ndi imene inapambana. Mu 1877 analengeza kuti afanana, mu 1912 mabwato onse awiri anadzaza madzi mpaka kubwereza mpikisano, ndipo mu 2003 Oxford inapambana ndi mtunda wosapitirira phazi limodzi. Akazi anayamba mpikisano wawo mu 1927, koma anadikira mpaka 2015 kuti apalase pa mtunda womwewo tsiku limodzi ndi amuna. Amene amasankhidwa kumeneko amachita masewera olimbitsa thupi pafupifupi tsiku lililonse kuyambira Sepitembala, ndipo ena amakhala atapikisanapo kale pa Olympics, monga James Cracknell amene anapalasira Cambridge mu 2019 ali ndi zaka 46. Mwana wanu, amene wayamba chaka chino, sali m'gulu limenelo, ndipo sindikuona kuti pali chomwe wataya.

Za chiopsezo, sindingakuuzeni kuti madzi ozizira a ku England ndi oseweretsa, koma ku Oxford wopalasa aliyense amayenera kupambana mayeso osambira asanaloledwe kupikisana, wowongolera amavala jekete yoyandamitsa, ndipo pali dongosolo la mbendera zosonyeza mphamvu ya madzi. Mbendera ikakhala yofiira palibe bwato lotuluka, ndipo zaka zina Torpids yonse imalephereka chifukwa cha kusefukira kwa mtsinje. Chomwe ndingadere nkhawa ine ndi tulo, pakuti amadzuka kukadali mdima m'miyezi yachisanu kuti apalase maphunziro asanayambe, ndipo maphunziro a chaka chimodzi sapereka mpata wogona m'kalasi. Akadzaimbanso foni mumufunse nthawi imene akugona, mumufunse ngati matuza a m'manja mwake apola, kenako mumufunse kuti bwato lawo linayamba pa nambala yanji ndipo lili pa nambala yanji tsopano.