Moto wa ku Ruwa ndi mkangano wa alamu anu

Achimwene, mwati moto wapsereza chimanga chanu ku Ruwa, kufupi ndi Harare kuno ku Zimbabwe, ndipo alamu anu akuti vuto ndi chisankho. Nkhani ziwirizi zisiyanitseni, chifukwa alamu anu akulondola theka lokha. Zoti chisankho cha pa 23 Ogasiti 2023 chinali ndi zolakwika, sakunama. Ine ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mapepala ovotera makhansala osafika, ndipo m'madera ena a Harare anthu anavota tsiku lotsatira. Ngakhale gulu la SADC lotsogozedwa ndi a Nevers Mumba linadandaula. Koma kunena kuti chimanga chanu chapsa chifukwa cha mavoti, apo ayi, akokomeza.

Lamulo la kuno limaika udindo woyamba pa mwini malo: kulambula njira yotchinga moto ya mamita 9 m'malire, nyengo ya moto isanafike. Chaka china ndinachita ulesi, ndikuti ndilambula mawa. Anyamata osaka mbewa anayatsa tchire masana, mphepo ya mu Seputembala ikuwomba, ndipo khola langa la nkhuku linatsala phulusa ndi waya wopindika. Wa chipani chiti akanandizimitsira?

Boma nalo lisathawe mlandu. EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndi makhonsolo ayenera kulanga oyatsa moto, osati kumangochenjeza pawailesi. Kumbukirani anthu 10 aja anafera pamoto ku Esigodini, kufupi ndi Bulawayo, mu Okutobala 2022.

Inuyo jambulani zithunzi za mundawo lero lomwe, mukanene kupolisi ndi ku EMA. Ngati motowo unachokera kwa aneba ndipo mukufuna chipukuta misozi, kaonaneni ndi loya musanasaine kalikonse.