Za mankhwala atsopano a chotupa cha muubongo mwa ana

Mayi, pepani kwambiri ndi matenda a mwanayo. Mwafunsa ngati mankhwala atsopano a chotupa cha muubongo ndi enieni, eee alipo ndithu koma sikuti amagwira chotupa chilichonse ayi. Zotupa zambiri za mtundu wa low-grade glioma (zotupa za muubongo zokula pang'onopang'ono) zimakula chifukwa jini ya BRAF, kauthenga ka chibadwa ka m'maselo, yasokonekera, ndiye imangouza maselo kuti chulukanani chulukanani osapuma. Mankhwala atsopano otchedwa tovorafenib amatseka uthenga umenewo. Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linawavomereza mu 2024 kwa ana amene chotupa cha mtunduwu chili ndi vuto la BRAF ndipo chabwereranso kapena chakana mankhwala ena, amamwa kamodzi pa sabata, ena tsitsi limayera, khungu kuchita totupa, ngakhale msinkhu kuchedwerako. Ndiye yambani mwawafunsa adokotala ngati kachidutswa ka chotupacho anakayeza BRAF.